Zotupa za mkamwa zomwe si khansa: zomwe ndaphunzira teremu ino

Teremu ino takhala tikuphunzira za zotupa zofewa za mkamwa zomwe si khansa. Chomwe chandikhazikika m'mutu n'chakuti pafupifupi chilichonse mwa izo chili ndi chochiyambitsa, ndipo ukadula chotupa n'kusiya chochiyambitsacho, wodwala adzabweranso.

Chofala kwambiri ndi fibroma. N'kachotupa kosalala, kolimbirako, kofanana maonekedwe ndi mnofu wapambali pake, ndipo kamakonda kumera mkati mwa tsaya, pamzere pomwe mano akumtunda ndi akumunsi amakumana. Kamayamba chifukwa chodziluma pamalo amodzimodzi, kapena dzino lobenthuka likamakhula tsaya. Kukachotsa sikuvuta: jakisoni wochititsa dzanzi wa lidocaine, kudula mozungulira, kusoka, basi. Koma dzino lakuthwalo nalo lisalazidwe kapena kumatidwa, apo ayi ntchito yonse yapita pachabe.

Yomwe yandigwira mtima ndi mucocele. Ndinaiona ku kiliniki pa mlomo wakumunsi wa mnyamata wina wasukulu: kathuza kofewa, kooneka kabuluu pang'ono, kowala. Mayi ake anati kamaphulika kokha, n'kutuluka timadzi tonanda ngati zoyera za dzira, kenako n'kudzazanso. Mkati mwa mlomo muli tiziwalo tating'ono tambirimbiri topanga malovu. Munthu akadziluma, kanjira ka kachiwalo kamodzi kamaduka, malovu n'kumadikha mumnofu. N'chifukwa chake kuboola ndi singano sikuthandiza, pakuti kachiwaloko kakupangabe malovu. Adokotala anachotsa kathuzako pamodzi ndi tiziwalo toyandikana nako, akupatula mnofu mwapang'onopang'ono kuti asavulaze timinyewa ta mlomo. Zoterezi zikachitika pansi pa lilime amati ranula, ndipo opaleshoni yake ndi yokulirapo.

Palinso pyogenic granuloma, chotupa chofiira cha pankhama chomwe chimatuluka magazi ngakhale ungochikhudza ndi mswachi. Chimakonda amayi oyembekezera. Apa ndinaphunzira kuti si nthawi zonse mpeni umafunika: kawirikawiri chimaphwa mayi akabereka, choncho timayamba tatsuka mano ndi kuchotsa litsiro lolimba la m'mphepete mwa nkhama, n'kudikira. Timadula pokhapokha ngati chikutaya magazi kwambiri kapena chikumulepheretsa kudya.

Chinthu chimodzi chomwe ine sindingalolere n'kutaya kachidutswa komwe kadulidwa. Kaikidwe mu botolo la formalin wa 10% (mankhwala osunga mnofu kuti usawole), kalembedwe bwino, kapite ku labotale kuti akaunike pa maikulosikopu. Maso amanama, ndipo khansa ikamayamba imatha kuoneka ngati kachotupa wamba kosapweteka n'komwe. Anthu ambiri amachedwa kubwera chifukwa choti sikakuwawa, ndipo zimenezi zimandidetsa nkhawa. Chotupa kapena chilonda cha mkamwa chikatha masabata awiri osapola, makamaka kwa munthu wosuta fodya kapena womwa mowa kwambiri, akaonetse kwa dokotala wa mano.