Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Sabata imene ndinaphunzira kutsetsereka pa chipale ku Les Gets

M'gawo lapitalo ndinafotokoza mmene ine ndi bambo a ana tinasungira ndalama kwa zaka ziwiri titakhazikika ku Nottingham, n'cholinga choti ana athu akaone okha mapiri a Alps amene anzawo a kusukulu ankawasimbira chaka ndi chaka. Ulendowo unatheka mu February 2019, pa sabata ya tchuthi imene sukulu za ku England zimapereka pakati pa teremu. Tinakwera ndege mpaka ku Geneva, m'dziko la Switzerland, ndipo kuchokera kumeneko galimoto inayenda nafe ola limodzi ndi mphindi zingapo, kuwoloka malire kulowa m'dziko la France, mpaka tinafika m'mudzi wa Les Gets, m'dera la Haute-Savoie. Ndinali ndi zaka 43, ndipo maganizo anga anali ongoperekeza ana, kuwaphikira ndi kuwayanikira zovala madzulo. Sindinkadziwa kuti bambo awo anali atandilembetsa kale m'kalasi la akuluakulu amene sanaimepo chibadwire pa ski, timatabwa titalititali tomangirira kumapazi potsetsereka pa chipale.

Pachikwangwani china cha m'mudzimo ndinawerenga kuti Les Gets ali pa mtunda wa mamita 1,172 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo ndinaima kaye, chifukwa tawuni ya kwathu ku Dedza ili pamwamba kuposa pamenepo, pa mamita pafupifupi 1,600. Komabe kwathu chipale chofewa sichigwa, popeza dziko lathu lili kumene dzuwa limawomba mwamphamvu chaka chonse. Chimene timachidziwa ndi chisanu cha mu June ndi July, chija chimawaula masamba m'madimba mbandakucha. Choncho ndinkadziona ngati mwana wa kumapiri amene wangofika kumapiri ena, ndipo maganizo amenewa ndi amene anandivutitsa kwambiri masiku otsatirawo.

Madzulo a tsiku loyamba tinapita kusitolo yobwereketsa zida. Mnyamata wa m'sitolomo anandifunsa msinkhu wanga, kulemera kwanga komanso ngati ndinatsetserekapo kale, ndipo anafotokoza kuti amafunsa zimenezi kuti atchune zomangira nsapato pa ski moti munthu akagwa mwamphamvu ski izimasuka yokha bondo lisanapindike. Anandipatsa ma ski ondifika m'chibwano, ndodo ziwiri ndi chisoti. Nsapato zake n'zapulasitiki wolimba, zimafika pakati pa msongolo ndipo zimatsekedwa ndi zitsulo zinayi, moti akakolo sangatembenuke n'komwe. Ndinali nditavala masokosi atatuatatu poopa kuzizira, koma iye anandivulitsa n'kundisiyira imodzi kuphazi lililonse, nati masokosi ambiri amafinya magazi ndipo phazi limazizira koposa. Ndinamvera monyinyirika, koma mawa lake ndinaona kuti ananena zoona.

Kalasi yathu inkakumana m'mawa ku Les Chavannes, pamwamba pa mudzi, kumene timakwerako m'tizipinda tolendewera pa chingwe. Usiku magalimoto okhala ngati mathirakitala ankakhala atasalaza chipale chonse, ndipo m'mawa tinkachipeza chili ndi timizere ting'onoting'ono toongoka, ngati munda umene wina waulima ndi zala. Tinalipo asanu ndi atatu, ndipo aphunzitsi athu anali bambo wachikulire wa m'dera lomwelo, wa nkhope yopsa ndi dzuwa, amene ankalankhula Chingerezi chochepa koma chomveka. Tsiku loyamba silinandivute. Tinayamba ndi ski imodzi kuphazi, kenaka ziwiri, n'kuphunzira kukwera kamtunda chammbali ngati nkhanu. Tinaphunziranso kudzuka tikagwa, kuti ma ski azikhala kumunsi kwa thupi atapingasa mtsetse, apo ayi amathawa munthu asanaime. Pomaliza anationetsa kaimidwe kamene Afalansa amakatcha chasse-neige: nsonga za ma ski zimayandikana kutsogolo, zidendene n'kutalikirana kumbuyo, ndipo munthu akatangadza kwambiri zidendene amachepetsa liwiro mpaka kuima. Ana amauzidwa kuti apange pizza, popeza kaimidweko kamafanana ndi chidutswa chake.

Mavuto anayamba tsiku lachiwiri, pamene tinakwera pa lamba woyenda yekha kupita pamwamba pa kamtsetse koyamba. Kunena zoona kamtsetseko kanali kofatsa, kosafika ngakhale pa njira ya kuchigayo kwathu, koma nditangoyamba kutsika thupi langa linachita chimene linazolowera kuyambira ubwana. Ndili mtsikana tinkapita kukatola nkhuni m'mbali mwa phiri la Dedza, ndipo potsika ndi mtolo pa nkhata, pa katondo woterera wa m'dzinja, amayi anga ankatilangiza kuti tizitsamira cha kumbuyo ndi kukhomerera chidendene pansi. Langizo limeneli linandipulumutsa kambirimbiri, ndipo linalowa m'mafupa moti sindinkadziwa n'komwe kuti ndikulitsatira. Pa ski langizo lomwelo ndi limene limagwetsa munthu. Ukatsamira kumbuyo, nsonga za ma ski zimapepuka n'kusiya kugwira chipale, ndipo sungathenso kuziwongolera. Mapazi amatsogola, thupi n'kutsalira, liwiro n'kuwonjezeka, ndipo mantha akakula umatsamiranso kumbuyo koposa. Aphunzitsi ankafuula kuti ndiweramire kutsogolo, msongolo ukankhe lilime la nsapato, koma kutsogoloko ndi kumene kunali chigwa, ndipo chilichonse m'thupi mwanga chinkakana kuweramira chigwa.

Tsiku lachitatu ndinagwa kugwa kumene sindidzakuiwala. Ndinadutsa anzanga onse amene anali atandanda m'mbali, ndinadutsanso aphunzitsi, ma ski ataongoka okha, mpaka ndinakagwera mu mulu wa chipale kumapeto kwa bwalo. Ski imodzi inamasuka monga ananenera mnyamata uja, ndipo sindinavulale paliponse, koma chipale chinalowa m'khosi ndi m'manja mwa jekete, mtima ukugunda ngati mtondo wa anthu awiri. Ndili chigonere pamenepo, mzere wa ana a zaka zinayi ndi zisanu unadutsa pafupi nane ukukhotakhota kumbuyo kwa mphunzitsi wawo, opanda ndodo, manja ali pa mawondo. Ndinalira misozi yeniyeni m'kati mwa magalasi. Si kupweteka kumene kunandiliritsa, koma kuti ine, amene ndakhala ndikunyamula odwala kuntchito zaka zambiri ndipo ndimadalira miyendo yanga, ndinali ndisakuthanso kuikhulupirira.

Madzulo amenewo ndinaphika nsima ndi ufa umene tinanyamula m'chikwama, ndipo tikudya ndinawauza kuti mawa sindipitanso. Bambo a ana sanandikakamize. Anangoti, "A Naphiri, inu munabadwira kuphiri. Pitani mawa lokha, ndipo zikakanika tidzabweza zidazo popanda wonena kanthu." Mwana wanga woyamba, amene panthawiyo anali ndi zaka 10, anadzuka patebulo, navala nsapato zake za ski pabalaza pomwepo, n'kundigwira dzanja kuti ndiliike pakati pa msongolo wake ndi lilime la nsapato. "Amayi, imvani," anatero, nawerama pang'ono mpaka zala zanga zinapanikizika. "Pakapanda kupweteka apa ndiye kuti mwakhala kumbuyo." Aphunzitsi anali atanena zomwezo masiku awiri, koma ndinazimvetsa pamene zala zanga zinafinyidwa ndi mwendo wa mwana amene ndinamubereka kumsana.

M'mawa mwake aphunzitsi, amene ayenera kuti anaona anthu ambiri onga ine, anandichotsa m'mzere n'kundiuza kuti ndigwire ndodo zanga ziwiri pamodzi mopingasa, kutsogolo kwa mimba, ngati ndanyamula mbale yodzaza imene siyenera kutayika. Kwa ine linali lichero la ufa. Aliyense amene ananyamulapo lichero lodzaza kuchoka pamphasa kupita kukhitchini amadziwa kuti manja amakhala patsogolo, zigongono zopindika pang'ono, maso kumene ukupita osati pamapazi. Nditangochita zimenezo mapewa anatsatira manja, chiuno chinatsatira mapewa, ndipo ndinamva msongolo ukugunda lilime la nsapato. Ma ski amene masiku awiri ankandithawa anayamba kumvera. Ndinatsika kamtsetse konse pang'onopang'ono ndi kuima pamene ndinafuna kuima, pafupi ndi mapazi a aphunzitsi, ndipo iwo anagwedeza mutu nati tibwererenso pamwamba.

Kukhota nakonso kunali ndi chodabwitsa chake, chifukwa kuti upite kumanzere umaponda kwambiri ndi phazi lamanja, ndipo kuti upite kumanja umaponda ndi lamanzere. Pakati pa kukhotako pali kamphindi kamene ma ski onse awiri amaloza kuchigwa ndipo liwiro limakwera, ndipo pamenepo ndi pamene mtima umafuna kubwerera kumbuyo. Ndinaphunzira kudikira kamphindiko ndikuwerenga chamumtima mpaka katatu, lichero lili m'manja, kufikira ski yakunja itazungulira yokha n'kundipingasitsa mtsetse. Tinaphunziranso kukwera ndi chokoka chija chokhala ndi kambale kumapeto kwa ndodo yachitsulo, kamene umakapana pakati pa ntchafu. Lamulo lake ndi lakuti usakhalepo, ungoima kuti kakukoke, ndipo theka la kalasi yathu linagwa ulendo woyamba chifukwa chofuna kukhala.

Njira za pa chipale ku France zimazindikirika ndi mitundu inayi: zobiriwira ndi za oyamba kumene, kenaka zabuluu, zofiira, ndipo zakuda ndi za akatswiri. Les Gets ndi gawo la dera lalikulu lotchedwa Portes du Soleil, limene limalumikiza midzi ya ku France ndi ya ku Switzerland, moti odziwa bwino amadya chamasana m'dziko lina n'kubwerera madzulo. Ine gawo langa linali njira imodzi yobiriwira yodutsa pakati pa mitengo ya mikungudza, ndipo Lachisanu, tsiku lomaliza la maphunziro, ndinaitsika yonse osagwa. Aphunzitsi anali atatiuza kuti amene ali patsogolo ndiye ali ndi ufulu wa njira, ndipo wochokera kumbuyo ndiye ayenera kumupewa, choncho ndinasiya kucheuka ndikamva phokoso la ma ski a ena. Ndinawerenga makhotedwe 31. Kumunsi ndinapeza ana akundidikira, wamng'ono atabaya pajekete baji ya Ourson, yokhala ndi kamwana ka chimbalangondo, ndipo wamkulu ya Flocon, imene imaperekedwa kwa mwana amene wayamba kukhota bwino.

Masana a tsikulo tinakwera tonse anayi ku Mont Chéry, phiri la tsidya lina la mudzi lotalika mamita oposa 1,800, popanda ma ski, kuti tikangoona. Kumeneko Mont Blanc amaoneka poyera, woyera kuyambira pamwamba mpaka pamene maso amalekezera, wotalika mamita oposa 4,800, pamene Sapitwa wa ku Mulanje, amene ndinkamuyesa mapeto a kutalika konse, ali ndi mamita 3,002. Bambo a ana analozera ana kumene kuli Chamonix, patsinde pa phirilo, kumene kunachitikira masewera oyamba a Olimpiki a nyengo yozizira mu 1924. Ine ndinkangoyang'ana tsidya lija la Les Chavannes, kufunafuna kanjira kanga pakati pa mitengo, ndipo nditakapeza ndinadabwa kuona kuti kuchokera patali kamaoneka ngati kosatsetsereka n'komwe.

Titabweza zida kusitolo ndinakhala pabenchi kuvala nsapato zanga za masiku onse, zimene zinkamveka zopepuka ngati sindinavale kanthu. Pokweza sokosi ndinaona kuti kutsogolo kwa misongolo yonse iwiri kunali mabala akuda otupa pang'ono, aliwonse aakulu ngati chikhatho cha mwana, pamalo enieni pamene lilime la nsapato limagunda. Ndinaitana mwana wanga wamkulu kuti adzaone. Anagwada, nawakhudza ndi chala mosamala, n'kuitana mng'ono wake kuti nayenso abwere.