Nyumba ya ku Area 25 ndi mapepala ena a sabata ino

Ndine kalaliki mu ofesi ya maloya ku Lilongwe, ndipo ntchito yanga yambiri ndi mapepala ogulitsirana nyumba ndi mapoloti. Anthu ambiri amatipeza atalipira kale, akungofuna chidindo. Sabata ino kunabwera wina ndalama zake zikadali kubanki, zomwe sizichitikachitika.

Anali mayi wopuma pa uphunzitsi, ndipo ndalama zake zopumira ntchito ankafuna kugulira nyumba ku Area 25. Lolemba anandiyalira pa desiki pangano la masamba awiri lomwe dobadoba anawapatsa, lolembedwa m'Chingerezi chooneka bwino. Tinaliwerenga limodzi ndime ndi ndime, ine ndikumasulira. Ndime yachitatu inkati wogula apereke ndalama zonse tsiku losaina, koma za tsiku lomwe dzina lisinthidwe panalibe.

"Amayi, mukalipira zonse lero, chidzawakakamiza n'chiyani bambo ogulitsawa kuyenda m'maofesi mawa?"

"Koma mwana wanga, title deed anandionetsa, ndaiona ndi maso angawa."

Anaitulutsa m'kachikwama title deed ija, chikalata chosonyeza mwini nyumba. Inali fotokope, ndipo nditafunsa komwe kuli yeniyeniyo anati mwiniwake anaisunga pabwino.

Lachiwiri ndinakapempha kafukufuku wa m'kaundula ku ofesi ya za malo. Pansi pa lamulo la Registered Land Act, chomwe chili ndi mphamvu ndi zolembedwa m'kaundulamo, osati pepala lomwe munthu wanyamula m'manja. Dzina linali la wogulitsayo ndithu, lizi ya zaka 99 yochokera ku boma. Koma m'munsi mwake munali mzere wina: nyumbayo ndi chikole cha ngongole kubanki. Pabwino paja n'kumeneko. Ngongole yotere imamatirira panyumba, ndiye mwiniwake akalephera kubweza, banki ikhoza kuigulitsa ngakhale mukugona wina yemwe analipira zake zonse.

Sindikuti bambowo ndi wakuba. Ambiri amagulitsa nyumba kuti atseke ngongole yomweyo, ndipo palibe cholakwika. Vuto ndi pangano losatchula nkhaniyi.

Tsiku lonse Lachitatu linathera pa kulembanso panganolo, abwana akukonza pomwe ndasokoneza. Ndalama zisungidwe mu akaunti ya makasitomala ya loya. Gawo loyamba lipite kubanki mwachindunji, osadzera m'thumba la wogulitsa, kuti chikole chichotsedwe m'kaundula. Zotsalazo alandire chilolezo cha Unduna wa za Malo chosinthira umwini chikatuluka, pamodzi ndi kalata ya MRA yosonyeza kuti za msonkho zili bwino. Tinalembamonso kuti ngongole za malipiro a kukhonsolo ya mzinda, lendi ya malo ya ku boma ndi bilu ya madzi n'za wogulitsa mpaka tsiku lopereka makiyi. Komanso m'nyumbamo muli munthu wa lendi, choncho tinaika tsiku loti akhale atatuluka. Ndime yomwe mayiwo anandiuza kuti ndibwereze kuwerenga ndi yonena kuti zikakanika chifukwa cha wogulitsa, ndalama zawo zibwerere zonse.

Amene anakwiya kwambiri ndi dobadoba, poti ndalama yake ya udobadoba tsopano idikira. Anandiimbira foni kuti pali wina wa ku Johannesburg wokonzeka kulipira kashi lero lomwe. Munthu ameneyu ndamumvapo pa nyumba zambiri, koma sindinamuonepo.

Lachinayi kunabwera anyamata awiri apachibale, akufuna tiwalembere pangano logulitsa nyumba ya malemu bambo awo ku Kawale. Kalata ya kukhoti yowapatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye analibe, ndipo pofunsitsa zinadziwika kuti mayi awo owapeza ndi ana ang'onoang'ono akukhala momwemo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, kotero abwana anawabweza mwaulemu. Wogula nyumba yotere amagula mlandu.

Lachisanu linali la poloti ya kunja kwa mzinda, kalata ya amfumu yodinda bwinobwino, malire ake akuti kuyambira pamtengo wa mango kukafika pachulu. Mtengo umadulidwa, chulu amaumbira njerwa. Ndinamuuza mkulu wofuna kugulayo kuti apeze saveya aike zizindikiro za malire, akafunsenso kukhonsolo ngati pamalopo sipadzadutsa msewu, asanapereke kalikonse.

Chakumadzulo wogulitsa wa ku Area 25 uja anabwera yekha, wopanda dobadoba. Anawerenga pangano latsopanolo mwakachetechete, n'kupempha kuti wa lendiyo timuonjezere mwezi umodzi chifukwa ana ake ali pakati pa teremu. Mayi aja anavomera pafoni. Kusaina kudikira kalata ya banki yonena ndalama zenizeni zomwe zatsala pa ngongoleyo, ndipo ndailembera kale kuipempha.