Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Bezi ya zipsera

Gawo lapitali ndinalekezera poti woimba bezi wa kwaya yathu anatsika ku Joni. Pochoka ananyamula gitala yake, poti inali yake ndithu, osati ya mpingo. Masabata awiri otsatira tinaimba ndi kiyibodi ndi ng'oma basi, ndipo nyimbo zinkamveka ngati ndiwo zosakolera mchere. Titaweruka ndinapita kwa a tcheya a kwaya n'kuwauza kuti bezi ndiphunzira ineyo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako n'kufunsa, "Nanga gitala uli nayo?"

Ndinalibe. Bezi yokhayo imene ndinali nditagwirapo inali babatoni amene tinapanga tili ana ku Ndirande: ndowa yobooka, mtengo wa bulugamu ndi waya wa m'tayala. Nsambo imodzi, koma ankagunda mpaka amayi a nyumba yoyandikana nafe kutithamangitsa ndi chikuni.

Nthawi imeneyo ndinkameta anthu pa kashopu ka msuweni wanga. Ndalama ya ometa imalowa mmawa, madzulo yapita, choncho kuyambira mu Malichi 2023 ndinayamba kupatsira mayi kangachepe sabata iliyonse kuti azindiponyera ku banki m'khonde yawo. Loweruka lina lililonse ndinkakwera minibasi kupita m'tauni kukaima m'sitolo ina ya zida zoimbira, kuyang'ana magitala atatu amene anapachikidwa pakhoma: Squier, Ibanez ndi Yamaha. Wogulitsa anafika pondizolowera. Mtengo wa yotsika kwambiri ndinaulemba kuseri kwa kalendala ya kushopu, ndipo ndinawerengera kuti pogawana masheya mu Disembala ndikhala nditaufikira.

Mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali cha pa K1,180 inafika pa K1,700. Nditapitanso Loweruka lotsatira ndinapeza timapepala ta mitengo tachotsedwa, ndipo wogulitsa uja atanditchulira mtengo watsopano ndinangoseka. Sindimuimba mlandu, katundu yense wa mmenemo ndi wakunja. Mu Disembala mayi anandipatsa K240,000 yanga atamanga pansalu. Ya gitala yatsopano inali itathawa kale.

Mlamu wanga wa ku Johannesburg anati ndimutumizire ndalamazo andigulire konko. Nditaphatikiza ya onyamula katundu ndi msonkho wa pachipata cha Mwanza, phindu lake silinaoneke. Ndiye ndinatembenukira ku Facebook, ndipo kumeneko ndinaiona: yofiira, yonyezimira, ya nsambo zisanu, pamutu pake palembedwa Fender. Mwini wake anali ku Bangwe ndipo ankafuna K200,000. Anati anthu akuilimbirana, nditumize theka pa foni kuti andisungire. Chala chinali chitafika kale pa batani pamene mayi anandifunsa ngati mbuzi ndinaigulapo ili m'thumba. Anandiuza kuti ndikayambe ndaonana ndi Madala.

Madala ndi bambo wachikulire amene amakonza mawailesi kuseri kwa msika. Ali mnyamata ankaimba bezi m'mabandi a m'mahotela, ndipo mpaka lero zala zake za kumanzere n'zolimba kunsonga ngati chikopa cha ng'oma. Nditawaonetsa chithunzi anangoti, "Ukandilipirire minibasi ndi Fanta, tikaione."

Zimene anachita ku Bangwe ndizilemba mwatsatanetsatane, chifukwa ena mwa inu mwakhala mukundifunsa za kagulidwe ka bezi. Utoto sanauyang'ane n'komwe. Anaika thupi la gitala pansi, mutu wake n'kuufikitsa padiso, n'kusuzumira kutsika ndi khosi monga amachitira kalipentala poona ngati thabwa lili lowongoka. Kenako anandiitana. "Taona, mphwanga. Mbali iyi yakwera, iyi yatsika." Khosilo linali lopotoka ngati thabwa lomwe lagonera pamvula. Anandifotokozera kuti khosi likangopindika kutsogolo ngati uta, limakonzeka, chifukwa m'kati mwake mumadutsa chitsulo chotchedwa truss rod chimene umamanga kapena kumasula ndi Allen key, pang'onopang'ono, kota ya mzungulo nthawi imodzi. Koma lopotokera kumbali ndiye nkhuni basi. Anatulutsa kiyi wawo m'thumba la malaya n'kuyesa chitsulocho, koma kiyiyo inkangozungulira, mutu wa chitsulo unali utadyeka. Nsambo nazo zinali patali ndi khosi moti chala changa chinkalowa pansi pake. Pomaliza anakanda dzina lija ndi chikhadabo, kona ya chilembo F n'kutukuka. Chinali chomata.

Mwini gitala anakwiya, anati tabwera kudzamunyozera katundu. Madala anapepesa mwaulemu, tinatsanzika. Ine mumtima ndinali wokwiya nawonso, chifukwa gitalayo inali yokongola ndipo ndinali nditadziona kale nditaikoleka kutsogolo kwa mpingo.

Mu minibasi anandiphunzitsa mbiri. Leo Fender anatulutsa Precision Bass mu 1951, kenako Jazz Bass mu 1960, ndipo mabezi ambiri otsika mtengo amene timawaona amatengera awiri amenewa. Squier ndi ya kampani ya Fender yomweyo, yopangira anthu a matumba ngati langa. "Fender yeniyeni pa ndalama imeneyo? Ndiye kuti yabedwa kapena ndi yabodza. Zonsezo sukuzifuna." Za nsambo zisanu anati ndidikire. Ndinatsutsa, poti oimba nyimbo zauzimu onse amene ndinkawasirira ankaimba ya zisanu, ndipo B wapansi uja, liwu la nsambo yachisanuyo, ndi amene amagwedeza mabenchi. Iwo anati pa bezi yotchipa B ameneyo nthawi zambiri amangolephereka ngati chingwe choyanikira zovala, khosi limakhala lalikulu, ndipo nsambo zake pogula n'zodula. "Nsambo zinayi: E, A, D, G. Uyambe wamaliza zimenezo." Lero ndimaona kuti pa B ankanena zoona, ngakhale ndikudziwa anyamata amene anayambira pa zisanu ndipo zinawayendera.

Anandichenjezanso za bezi zokhala ndi batire la 9V m'kati, zija amati active. Sikuti n'zoipa, koma ukaiwala kuzula chingwe usiku batire limatha, ndipo limakonda kufa pakati pa nyimbo ya chopereka.

Patatha masabata atatu anandiitana. Mnzawo wina wa ku Zingwangwa, amene ankaimba m'maukwati, anali atasiya zoimba chifukwa cha msana ndipo ankagulitsa Yamaha RBX170 yakuda. Nditaiona mtima unagwa. Kumbuyo kwake utoto unali utatha ndi chitsulo cha lamba, pakona panali pobenthuka, kachotembenuzira kamodzi kanali katasowa, nsambo zili bii ndi thukuta la zaka. Ndinanong'oneza kuti, "Madala, iyi ndiye ya kaunjika weniweni."

Iwo anaisuzumira khosi n'kumwetulira. Anandiuza kuti ndidinize nsambo yaikulu pa fureti yoyamba (mafureti ndi tizitsulo topingasa pakhosi la gitala) ndi dzanja lamanzere, ndi pa fureti yomaliza ndi lamanja, kenako analowetsa khadi la mayunitsi pakati pa nsambo ndi fureti cha pakati pa khosi. Linalowa mokhudza pang'ono mbali zonse. "Mpata wake ndi umenewo." Analumikiza ku ampu (chokuzira mawu) ya mwini wake n'kuimba fureti iliyonse, nsambo iliyonse, kuyambira kumutu mpaka kumapeto, kumvetsera ngati pena pakulira ngati njuchi. Mafureti 24 kuchulukitsa ndi nsambo zinayi, ndipo sanadumphe ngakhale imodzi, ine thukuta lili kamukamu. Anayerekeza liwu la nsambo yosadiniza ndi la pa fureti ya 12 kuti amve ngati akugwirizana. Anagwedeza chingwe polowera pake, anatembenuza zotembenuzira zonse kumvetsera kukhwekhwereza. Chimodzi chinkakhwekhwereza, anati ndi fumbi chabe, akonza okha. Inali ndi pickup (kachida kotola kulira kwa nsambo) ya mtundu wa Precision pakati ndi ya mtundu wa Jazz kumunsi, yopanda batire.

Kenako anandikoleka n'kundiuza kuti ndiime nayo mphindi khumi. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti bezi ndi yaitali: mainchesi 34 kuchokera pamene nsambo yayambira kulira mpaka pamene yathera. Chala chakaniso (chaching'ono chija) chinkakana kufika. Kwa a manja aang'ono ziliko za mainchesi 30, koma kuno sizioneka kawirikawiri, ndipo Madala anati dzanja langa lizolowera. Linazoloweradi, patapita miyezi.

Anakambirana okhaokha akuluakulu awiriwo, ine ndili phee, mpaka anagwirizana K210,000. Yotsalayo ndinagula chingwe ndi lamba. Ya nsambo zatsopano panalibe, ndiye Madala anandiphunzitsa za akale: kuzimasula, kuzikulunga, n'kuziwiritsa m'madzi mphindi khumi ndi zisanu kuti litsiro lichoke, kenako kuziumitsa bwinobwino zisanachite dzimbiri. Zimabwerera kulira kwa kanthawi ndithu. Cholakwa changa chinali kuwiritsira mu poto wa tiyi wa mayi. Madzi anada ngati a m'ngalande, ndipo nkhani ya poto ameneyo imatulukabe pakhomo pathu tikasemphana mawu.

Chimene sindinachiwerengere m'miyezi yonse yosunga ndalama ija ndi ampu. Bezi yosalumikiza imangonong'ona. Ndinafuna kuilumikiza ku sipika ya kushopu, koma msuweni wanga anakana, ndipo Madala anamuvomereza: mawu apansi a bezi amang'amba masipika ang'onoang'ono. Ampu ya kutchalitchi inkakhala yokiyidwa mpaka Lachisanu.

Usiku woyamba magetsi anali atazima. Ndinakhala pamphasa mumdima, n'kutsamiritsa mutu wa gitala pa kabati ya mayi monga anandiuzira Madala, kuti thabwa lizikweza mawu. Nditakoka E, kabati yonse inalira, mbale za m'kati n'kuyamba kunjenjemera. Mayi anafuula ali kuchipinda kufunsa ngati kukubwera chivomezi. Ndinaimba liwu limodzi lomwelo mpaka chala chinatuluka thuza.

Lachisanu lake ndinainyamula m'thumba la ufa, poti chikwama inalibe, kupita nayo ku pulakatisi ya kwaya. Zimene a tcheya ananena nditaimba nyimbo yonse pa kiyi yolakwika ndidzakuuzani mu gawo 10.