Wogwira foni anali dalaivala, koma woyimba anali mu ofesi

Sabata yathayi inayamba monga ayambira masabata ambiri masiku ano kwa ife oyang'anira magalimoto a kampani, ndi funso loti dizilo akupezeka kuti. Lolemba lonse linathera pa kuyimbira a m'malo omwetsera mafuta ku Kanengo ndi ku Area 25, kuwerenga mauthenga a m'magulu a WhatsApp olengeza kumene galimoto ya mafuta yafika, ndi kugawa malita ochepa amene tinapeza pakati pa malole amene katundu wake sakanadikira. Lachiwiri linali la mapepala. COF ya lole ina, chimene ndi chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, inali pafupi kutha, inshuwalansi ya inzake inafunika kulipiridwa, ndipo matayala amene ndinapempha kalekale anali asanavomerezedwe, choncho tinangosinthanitsanso akale omwewo. Anzanga a ntchito imeneyi mukuzidziwa zonsezi ndipo sinditayapo nthawi. Chimene chandilembetsa ndi zimene zinachitika Lachitatu masana pa Lizulu.

Tili ndi dalaivala wachikulire amene anayamba kugwira chiwongolero ine ndikadali pa sukulu. Chiyambire kugwira nawo ntchito sanandibweretserepo lisiti ya chindapusa cha liwiro, ndipo madalaivala atsopano timawakweza mu lole yawo kuti aphunzire khalidwe la pamsewu. Tsikulo ananyamuka ku Lilongwe ndi shuga, mafuta ophikira ndi sopo, ndipo pepala la ulendo limene ndinasayina linali loti atsitse pa Dedza, pa boma la Ntcheu, kenako ku Balaka. Anali okha m'galimoto. Kale lole iliyonse yopita kutali inkakhala ndi mnyamata wothandizira, amene kuwonjezera pa kutsitsa katundu ndiye ankayankha foni galimoto ikamayenda, koma akuluakulu athu anachotsa anyamata amenewa pa maulendo obwerera tsiku lomwelo, ati pofuna kupulumutsa ndalama za alawansi. Ndinatsutsa mwa kalata pa nthawiyo, ndipo kalatayo sinayankhidwe mpaka lero.

Bambowa atachoka pa Dedza, wogula wina wa pa Lizulu anayimbira mkulu woona zamalonda kuti akufuna makatoni a sopo tsiku lomwelo. Dongosolo lathu ndi lodziwika, ndipo lili pa khoma la ofesi yanga: kusintha kulikonse kwa ulendo kumadzera kwa ine, ineyo ndimatumiza uthenga umodzi, ndipo dalaivala amauwerenga akaima pa malo otsitsira katundu. Mkuluyo sanadzere kwa ine. Anayamba kuyimbira dalaivala mwachindunji, foni ikadula n'kuyimbanso, ikadula n'kuyimbanso, kuyambira cha ku Bembeke. Bambowa anaileka kulira chifukwa ndi zimene timaphunzitsana. Atatopa kuyimba, mkuluyo analemba uthenga woti: “Ngati simuyankha foni yanga, mukafika mudzasiye makiyi pa tebulo.” Uthengawo unaoneka pa galasi la foni imene inali pa mpando wa pambali, ndipo foniyo italiranso, bambowa anaitola n'kuyankha, lole ikulowa pa msika.

Pali amene afunsa kale kuti bwanji sanangoima pambali. Ofunsa zimenezi ambiri sanayendetsepo lole yodzaza pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pamene m'mbali mwa tala munadyeka, ndipo malo oti lole iime osatsekereza anzako ndi owerengeka. Koma palinso chifukwa china chimene ndi cha m'nyumba mwathu momwe. Malole athu onse ali ndi kachipangizo kosonyeza pamene galimoto ili, ndipo dalaivala akaima pa malo amene sali pa pepala la ulendo amaitanidwa kuti afotokoze, chifukwa akuluakulu amayamba ndi kuganiza kuti amagulitsa dizilo. Choncho munthu mmodzi yemweyo wauzidwa kuti asagwire foni akuyendetsa, wauzidwa kuti asaime paliponse, ndipo wauzidwanso kuti akapanda kuyankha ntchito yatha. Malamulo atatu amenewa sangasungidwe onse pa nthawi imodzi, ndipo munthu amene ali ndi ana a sukulu amaphwanya limene akuona kuti silimuchotsa ntchito lero.

Amene munadutsapo pa Lizulu mukudziwa mmene pamakhalira. Msewu umadutsa pakati penipeni pa msika, m'malire mwenimweni mwa Malawi ndi Mozambique, ndipo ogulitsa mbatatesi, kabichi ndi tomato amayala malonda awo mpaka m'mphepete mwa tala. Bambo wina amene ananyamula matumba a mbatatesi pa njinga anapatuka pang'ono kulowa mu msewu pozemba minibasi imene inaima mwadzidzidzi. Dalaivala wathu, dzanja limodzi pa khutu, anamuona mochedwa. Anaponda mabuleki ndi kukhotetsa, koma mbali ya lole inakola thumba n'kugwetsa njinga, ndipo mwendo wa bamboyo unathyoka pa ntchafu. Tikuthokoza Mulungu kuti tayala la kumbuyo silinamuponde. Dalaivala wathu sanathawe ngakhale anthu anali atayamba kuunjikana mwaukali, ndipo amalonda ena achikulire ndiwo anawatchinjiriza mpaka apolisi apamsewu anafika. Pa nthawi yonseyi foni inali isanadulidwe, moti woyimba uja anamva kulira kwa mabuleki ndi mfuu ya anthu ali pa mpando wake mu ofesi.

Ndinafika kumeneko dzuwa litapendeka. Ndinayamba ndi kuchipatala, kumene ndinapeza mayi a kunyumba kwa wovulalayo atakhala pansi pakhonde ndi mwana kumbuyo. Sanandikalipire, ndipo zimenezo ndizo zinandipweteka kwambiri. Anangondifunsa kuti: “Achimwene, nanga njinga ija ili kuti? Ndi imene timadyera.” Kampani inali isananene kanthu za thandizo lililonse, choncho ndinawatumizira pa foni ndalama ya m'thumba mwanga yoti agulire chakudya cha masiku oyamba, ndipo ndinawalonjeza kuti nkhani ya njinga ndi ya inshuwalansi ndidzaitsatira ndekha. Kupolisi ndinapeza dalaivala wathu atakhala pa benchi, chipewa chili m'manja. Atandiona anaimirira, munthu wa msinkhu wa bambo anga, n'kunena kuti: “Bwana, ndalakwa, koma ndinaopa.” Ndinawayankha kuti: “Khalani pansi, bambo, mauthenga onse ndawaona.”

Wapolisi amene ankalemba nkhaniyo anali wodekha ndipo anagwira ntchito yake bwino. Mboni zinali zitanena kale kuti dalaivala anali pa foni, ndipo iye anatifotokozera zimene tonse tikudziwa, kuti malamulo a pamsewu a dziko lino amaletsa kugwiritsa ntchito foni ya m'manja uku ukuyendetsa galimoto, ndipo kunena kuti woyimba anali bwana sikuchotsa mlandu. Ine lamulo limeneli ndimalivomereza ndi mtima wonse. Bungwe la World Health Organization limanena kuti woyendetsa galimoto amene akugwiritsa ntchito foni amakhala pa chiopsezo chochita ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene sakuigwiritsa ntchito, ndipo limanenanso kuti kulankhula pa foni osaigwira m'manja sikuchepetsa kwenikweni chiopsezocho, chifukwa chimene chimachoka pa msewu si dzanja lokha komanso maganizo. Masamu ake ndi osavuta. Galimoto yoyenda pa liwiro la makilomita 60 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse, kotero kuti masekondi 3 oyang'ana pa mpando kuti uone woyimba ndi mamita 50 oyenda ndi matani a katundu popanda woona kutsogolo. Pa msika ngati wa Lizulu, m'mamita 50 amenewo muli anthu ambirimbiri.

Chimene chikundikwiyitsa ndi chakuti chilango chonse chikugwera pa munthu mmodzi pa zimene zinachitidwa ndi anthu awiri. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, koma kuntchito kwathu nkhuyu zodya akulu ndizo zapota wamng'ono. Ku Britain, lamulo loletsa foni ya m'manja poyendetsa galimoto linayamba kugwira ntchito mu December 2003, ndipo silinathere pa dalaivala yekha: limaletsanso munthu kuchititsa kapena kulola wina kuyendetsa galimoto akugwiritsa ntchito foni yotero, zimene zikutanthauza kuti wolemba ntchito amene amakakamiza madalaivala ake kuyankha ali pa msewu akhoza kuimbidwa mlandu nayenso. Ndikulakalaka nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS pamodzi ndi apolisi, pamene akuphunzitsa madalaivala za kuopsa kwa foni, atamafikanso m'maofesi a makampani amene ali ndi magalimoto, chifukwa mafoni ambiri amene madalaivala a ntchito amayankha pa msewu sachokera kwa akazi awo kapena anzawo ayi, amachokera kwa mabwana.

Lachinayi m'mawa ndinapeza imelo imene mkulu uja analemba usiku wa Lachitatu, ine ndikadali pa msewu wobwerera. Anaitumiza kwa ogwira ntchito onse, kuyambira kwa mkulu wa kampani mpaka kwa mlembi wa pakhomo, mutu wake uli m'zilembo zikuluzikulu, ndipo inatchula dalaivalayo ndi dzina kuti wachititsa manyazi kampani chifukwa cha kusasamala. Za mafoni ake ndi za uthenga wa makiyi uja munalibemo ngakhale liwu limodzi. Kumeneku si kulakwa kwa kalembedwe chabe. Munthu amene nkhani yake ikadali m'manja mwa apolisi, ndipo sanamvedwe mbali yake, saweruzidwa pamaso pa gulu lonse ndi kalata yolembedwa usiku mtima uli m'mwamba. Komanso madalaivala athu ambiri alibe imelo ya kuntchito, choncho amene ankanenedwayo sanaione n'komwe, ndipo anaimva kuchokera kwa alonda a pachipata.

Sindinayankhe pa gulu, ngakhale mtima unkafuna kutero. Ndinalembera mkulu wa kampani ndi woona za ogwira ntchito okha, ndipo ndinaikamo zinthu zimene sizingatsutsidwe: lipoti la kachipangizo kaja losonyeza nthawi imene lole inaponda mabuleki mwadzidzidzi, chithunzi cha ndandanda wa mafoni amene analowa pa foni ya dalaivala, chimene anandilola yekha kujambula, ndi uthenga wa makiyi monga unalembedwera. Nthawi ya foni yomaliza ndi nthawi ya mabuleki ndi mphindi imodzi yomweyo. Ndinapempha kuti pasakhalenso wina aliyense, kaya udindo wake ndi wotani, woyimbira dalaivala mwachindunji pamene makina akusonyeza kuti galimoto ikuyenda, kuti kuima kwa mphindi zochepa pa malo otetezeka pofuna kuyankha foni kusatengedwenso ngati umboni wa kuba mafuta, ndiponso kuti anyamata othandizira abwezeretsedwe. Ndalama ya alawansi imene inapulumutsidwa chaka chonse sindikukhulupirira kuti ingafike pa zimene ngozi imodzi imeneyi itidyere, ndipo apa sindinawerengere mwendo wa munthu.

Pali khalidwe la pa foni limene lazika mizu m'maofesi mwathu, loti wamng'ono akapanda kuyankha pa kulira koyamba ndiye kuti ndi wamwano. Munthu amayimba osayamba wadzifunsa kuti mnzakeyo ali pati ndipo manja ake agwira chiyani. Ena amatumiza uthenga wa mawu wa mphindi zingapo kwa munthu amene akudziwa bwino kuti ali pa chiwongolero, kenako n'kulemba kuti “mwamva?” chizindikiro chosonyeza kuti uthenga wafika chikangooneka. Ena amalemba “muli pati?” pamene kompyuta imene ili patsogolo pawo ikuwasonyeza pamene galimoto ili. Ulemu umene timaphunzitsa ana kunyumba, woti sulankhula ndi munthu wamkulu usanaone ngati ali ndi mpata wokumvera, timausiya pa chipata tikamalowa mu ofesi, ndipo amene amausowa kwambiri ndi madalaivala, chifukwa ndiwo ali pansi pa aliyense pamene ali ndi chida choopsa kuposa aliyense.

Lachisanu linadutsa mwa masiku onse. Dizilo anapezeka pang'ono, lole ija ya COF inapita kukayezedwa ndipo inakhoza, ndipo katundu wa ku Balaka anapita ndi dalaivala wina, amene ndinamuuza pamaso pa anzake kuti foni yake aiike m'chikwama, ndipo wina aliyense wodandaula kuti sakuyankhidwa abwere kwa ine. Madalaivala sanalankhule zambiri sabata imeneyi, koma ndinaona kuti aliyense amayang'ana kumbali mkulu uja akamadutsa pa bwalo. Wovulala uja madokotala anena kuti achira, ngakhale patenga miyezi asanakwerenso njinga, ndipo mafomu a inshuwalansi ndawapereka kale pamodzi ndi lipoti la apolisi.

Dalaivala wathu aimitsidwa ntchito podikira kuti akaonekere pamaso pa komiti yosungitsa mwambo Lolemba likudzali. Kalata yowaitana ndinaiona, ndipo pa mndandanda wa anthu okhala mu komitiyo pali dzina la mkulu woona zamalonda yemweyo. Ndalemba kupempha kuti achotsedwepo ndipo abwere ngati mboni yoti ifunsidwe mafunso, ndipo ndauza bambowa kuti malamulo a ntchito amawapatsa ufulu womvedwa mbali yawo asanachotsedwe ntchito. Ine ndidzakhala nawo m'chipindamo, mapepala onse atatu ali m'manja.