Disiki yokana kuchoka

Lachitatu. Ntchito ya lero inali kuchotsa disiki yakunja pa seva ya Linux osaimitsa pulogalamu yokopera mafayilo, imene inayambitsidwa kuchokera pa disiki yomweyo. Nditalemba umount, lamulo lomasulira disiki, yankho linali "target is busy", basi.

Nditafufuza ndi fuser -m, lamulo loonetsa mapulogalamu amene akugwiritsa ntchito disiki, ndinaona kuti pulogalamuyo yaikoleka disikiyo patatu: foda imene ikugwiriramo ntchito, fayilo ya log imene ili yotsegula, ndi fayilo yake yeniyeni imene inayambira. Zonsezi zimaoneka mu /proc, foda imene Linux imaonetseramo mapulogalamu amene akuyenda, pansi pa nambala ya pulosesiyo (pulogalamu imene ikuyendayo), pa cwd, fd ndi exe. Ziwiri zoyambazo sizinavute. Ndinalowa m'pulogalamuyo ndi gdb, chida chofufuzira pulogalamu ikuyenda, n'kuisamutsira ku "/", foda yaikulu ya makinawo, ndi chdir, log nayo ndinaikhotetsera kwina ndi dup2. N'chifukwa chake ma daemon (mapulogalamu ogwira ntchito kuseri) olembedwa bwino amathamangira ku "/" akangoyamba.

Chachitatucho ndiye chinandidyera masana onse. Kernel, mtima wa Linux, siikweza pulogalamu yonse mu RAM poyamba. Imatenga tizigawo ta 4 KiB pokhapokha pulosesi ikafika pofuna kachigawoko, ndipo malo akachepa imatitaya mosadandaula, podalira kuti ikatitenganso pa disiki. Choncho pulogalamu imakhala yomangirira ku fayilo yake moyo wake wonse, ngati mbuzi pachikhomo. Ngakhale kulembamo mufayiloyo kernel imakana, imati "Text file busy".

Mnzanga wa kuntchito anati ndingogwiritsa umount -l, imene yakhalapo kuyambira Linux 2.4.11. Imagwiradi, koma ine ndimaiona ngati bodza laulemu. Dzina limachoka pamndandanda wa mafoda, pamene disikiyo ikadali m'manja mwa kernel mpaka wogwira womaliza atasiya. Muzule chingwe pamenepo, pulogalamu ikafuna kachigawo kamene sikali mu RAM, ilandira SIGBUS, chizindikiro cha vuto la memore, n'kufa. Tinakambirananso za mlockall, imene imakhomerera tizigawo tonse mu RAM. Imeneyo imateteza ku imfa yotere, koma umount wamba imakanabe, chifukwa fayilo ikadali yogwiridwa.

Ilipo njira ya prctl ndi PR_SET_MM_EXE_FILE, imene anthu a CRIU, chida chosunga ndi kubwezeretsa mapulogalamu oyenda, amagwiritsa ntchito posintha fayilo imene exe ikuloza. Imafuna kuti muyambe mwachotsa fayilo yakaleyo m'memore ya pulosesi, kutanthauza kusamutsa khodi pamene ikuyenda. Pa seva imene anthu akudalira, zimenezo ayi.

Chakumadzulo ndinagonja pa mfundo yosaimitsa ija. Ndinadikira kuti imalize fayilo imene inali kukopera, ndinakopera pulogalamuyo ku /run, kumene ndi tmpfs ya mu RAM, n'kuiyambitsanso kuchokera kumeneko. Ndinayang'ananso mu maps, mndandanda wa mu /proc wa mafayilo amene ali m'memore ya pulosesi, kuti pasakhale laibulale (fayilo ya khodi imene pulogalamu imabwereka) yochokera pa disiki ija, poti nayo imagwira chimodzimodzi. Kenaka umount inadutsa. Ndi zomwenso systemd, pulogalamu yoyatsa ndi kuzimitsa zina zonse pa Linux, imachita pozimitsa makina ngati /run/initramfs yakonzedwa: imasamukira kumeneko kaye kuti ithe kumasula disiki yaikulu.

Mawa ndiwonjezera mizere ingapo kumayambiriro kwa pulogalamuyi, izidzikopera yokha mu RAM ndi memfd_create, imene inabwera ndi Linux 3.17 mu 2014, kenaka izidziyambitsanso ndi fexecve isanagwire ntchito iliyonse. Ndiimanganso ya static, malaibulale onse ali m'kati mwake, kuti nkhani ya malaibulale ithere pomwepo.