Timilambe tanga ta m'mbale pofika Okutobala

Pa timitengo tisanu ta bonsai tomwe ndinayamba nato mu Disembala, tatsala titatu: timilambe tiwiri ndi kakachere kamodzi. Tiwiri tinafato ndinatipha ndine, ndipo ndinatipha ndi madzi.

Kwa amene mukumva koyamba, bonsai ndi mawu a Chijapani otanthauza mtengo wobzalidwa m'mbale, ndipo Ajapaniwo luso limeneli analitengera ku China. Si mtundu wapadera wa mtengo ayi. Ndi mtengo wamba womwe umausunga m'chiwiya chosazama, n'kumaudulira mizu ndi nthambi kuti uzioneka ngati chimtengo chakalekale koma chotha kunyamulika ndi manja. Ine ndinasankha mlambe chifukwa kuno ku Mangochi ukangoyenda msewu wa ku Monkey Bay maso amakhuta milambe. Njere zake n'zolimba ngati mwala, ndiye ndinazikhula mbali imodzi pasimenti, n'kuziviika m'madzi otentha usiku wonse. Zinayi zinamera.

Vuto linali dzanja langa lozolowera dimba. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo ngati tomato, m'dothi la makande lomwe ndinakumba kudambo. Nthawi ya mvula ndi ya masika timitengoto tinapirira. Mwera utayamba mu Juni, masamba anasanduka achikasu n'kuyamba kuthothoka. Ine mumtima ndinati ndi ludzu, ndiye ndinawonjeza madzi. Patapita milungu itatu, tsinde la kamodzi linafewa pansi ngati mbatata yovunda. Nditazula, chimuzu chija chotupa ngati chinangwa chinali chitasanduka phala lonunkha. Kachiwiri kanatsatira sabata yomweyo.

Amene anandiwombola ndi malume anga, msodzi wa ku Makawa yemwe za bonsai alibe nazo ntchito. Anaona timbale tanga pakhonde n'kundifunsa kuti, "Mphwanga, chibadwire unaonapo mlambe wovala masamba mu Julayi?" Ndinasowa chonena. Milambe yonse ya m'njira yomwe ndimadutsa tsiku ndi tsiku inali mbulanda, ine osaganiza kuti kanga kam'mbale kakutsata kalendala yomweyo. Mlambe umasunga madzi m'thunthu ndi m'mizu, ndipo ukayoyola masamba ndiye kuti wagona, sukumwa. Madzi omwe ukuthirawo amangokhala m'dothi n'kuoletsa mizu.

Tiwiri totsalato ndinatichotsa m'makande, n'kutiika posafika madzi. Kuyambira Julayi mpaka sabata ino sitinalawe ngakhale dontho. Kunena zoona chinthu chovuta kwambiri pa ntchito yonseyi chakhala chimenechi: kudutsa ndi botolo lamadzi pafupi ndi kamtengo kouma gwa, dzanja likuyabwa, n'kukapitirira.

Kakachere ndi nkhani ina. Sikagona. Ndi kutentha kwa mwezi uno, komwe ngakhale usiku umagona ukutuluka thukuta, dothi la m'kambale kake limauma dzuwa lisanafike paliwombo. Pano ndikukathirira kawiri pa tsiku, pomwe mu Juni kamatha masiku awiri kapena atatu. Koma sindiwerenganso masiku. Ndili ndi kaphesi ka nsungwi komwe ndimazika m'dothi kwa mphindi zingapo. Kakatuluka konyowa, ndi timadothi tokakamira, ndimasiya. Kakatuluka koyera, ndimathirira pang'onopang'ono ndi botolo lomwe ndinaboola chitsekero chake ndi msomali, mpaka madzi atayamba kudontha m'mabowo a pansi. Kungonyowetsa pamwamba n'kudzinamiza, mizu ya pansi imakhalabe ndi ludzu.

Dothi ndinasinthiratu. Tsopano ndimaphwanya njerwa zootcha mpaka tizidutswa take tikhale ngati njere za mapira kapena kukulirapo pang'ono, n'kusakaniza ndi mchenga waukuluukulu wa kumtsinje, timakala tosweka ndi manyowa owola pang'ono chabe. Fumbi ndimalisefa chifukwa ndi lomwe limatseka mabowo. (Sefa yomwe ndinagwiritsa ntchito inali ya ufa, ndipo mlandu wake kunyumba kuno sunathe.) Madzi a pamjigo wathu akusiya choyerayera m'mphepete mwa mbale, chizindikiro cha mchere, ndiye mvula ikangoyamba ndiika diramu pansi pa malata.

Mu Ogasiti mbuzi ya aneba inabudula nsonga ya kakachere. Ndinakwiya tsiku lonse, koma pamalo pomwe inaluma paphuka nthambi zinayi, zomwe ine ndi lumo langa ndinalephera kutulutsa miyezi isanu ndi iwiri. Ngakhale zili choncho mbale zonse ndaziika pathandala lalitali ngati loyanikapo usipa, pamalo pomwe dzuwa la m'mawa limafika koma la masana limatchingidwa ndi mango. Za waya ndiye ndinachita changu. Ndinakulunga nthambi imodzi kuti ipindike, n'kuiwala kuti kachere amanenepa msanga. Pochotsa ndinapeza waya atalowa m'khungwa, utomoni woyera uli chuchuchu. Chipsera chilipo ndipo chikhala nthawi.

Chomwe chandilembetsa lero ndi ichi: Lachiwiri m'mawa ndinapeza timaso tobiriwira titatu pansonga ya kamlambe kamodzi, mvula isanagwe n'komwe, ndendende mmene ikuchitira milambe ikuluikulu ya m'mbali mwa Shire. Ndakapatsa theka la kapu basi, ndipo ndiwonjeza masamba akatambasuka. Muzu wake waukulu uja sindinaudule. Ndikufuna tsinde liyambe lanenepa chaka china chathunthu. Kachiwiri kakadali zii. Ndakanda khungwa pang'ono ndi chikhadabo, mkati mukadali mobiriwira, ndiye botolo sililoza komweko mpaka katadzionetsa kokha.