Majuzi 140 atuluka: zikomo Agogo a pakhonde

Juzi yomaliza yachoka pa makina dzulo cha m'ma 11 koloko usiku, ndipo m'mawa uno onse 140 afika kusukulu kuja chiperoni chisanalimbe. Mulungu ndi wabwino. Za m'Malichi 2023 sitibwereza, nonse mukudziwa zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi mmene makina athu awiri olukira tinawafukulira m'matope. Zala zatupa, misana ikuwawa, koma tati tisagone tisanathokoze.

Oyamba ndi Agogo. Anatiletsa kulemba dzina lawo pano, ndiye tingoti Agogo a pakhonde, a kuno ku Machinjiri kumene tinasamukira. Sabata yachiwiri chifikireni, anzathu awiri akufunafuna njira yachidule ya kuchigayo anasochera n'kukatulukira pakhomo pawo. Anawapeza akuluka kachipewa ka khanda ndi masipoko awiri a njinga onoledwa kunsonga. Asanayankhe n'komwe za chigayo, anagwira juzi imene mmodzi anavala, kuiunika padzuwa, n'kunena kuti, "Ana anga, makina amene analuka iyi siponji yake inali itatha kale." Mawa lake anali pakhomo pathu, kabotolo ka mafuta a makina osokera atakamanga kunsonga ya chitenje.

Ife tinkaloza matope, koma matope anangomalizitsa. M'kati mwa makina, pamwamba pa singano 200 zija, pali kachitsulo katali kokhala ndi siponji, ntchito yake n'kupanikiza singano kuti zisadzuke. Siponji ikaphwa, singano zimayenda motayirira, kareji ija timakankha imakodwa, masitichi amagwa, ndipo ukaumirira kukankha umapinda singano zisanu nthawi imodzi. Agogo anakankha kachitsuloko cha m'mbali ndi pensulo, kanatuluka katasanduka phala lakuda. Anapala zonse ndi mpeni wobuntha, kupukuta ndi sipiliti, kudula siponji yatsopano m'lifupi ngati sentimita imodzi kuti ikwane mumpata wake n'kutsala yotumphuka pamwamba, kuimata ndi guluu pang'ono, kenako kuphimba ndi riboni yoterera n'kumanga nsonga zonse ziwiri ndi tepi. Riboniyo musaiwale, popanda iyo singano zimang'amba siponji m'masiku ochepa. Pobwezera, siponji iyang'ane pansi, ndipo dzanja linalo lizitsitsa singano pang'onopang'ono kuti kachitsulo kadutse pamwamba pake. Mukalowetsa mongokankha, kapita pansi pa singano ndipo muyambiranso.

Singano anazulitsa zonse, imodziimodzi, masiku awiri athunthu. Umaikankhira kutsogolo mpaka pamapeto, kutseka kalilime kake, kupanikiza mutu kuti mchira udzuke, n'kuisolola cha kumbuyo. Zonse zinagona m'botolo la sipiliti muli madontho asanu a mafuta a makina. Kuyesa kwake n'kosavuta: tembenuzani singano, kalilime kagwe kokha. Kakamata, kapena kambedza kali ndi dzimbiri logwira ulusi, ikani pambali. Pa makina awiriwo tinataya singano 63, ndiye Agogo anati tisiye kulimbana ndi onse awiri, tidyetse amodzi. Anatiuzanso kuti singano za kumapeto kwa makina sizigwira ntchito kawirikawiri, choncho zabwinozo zisamukire pakati pamene pamalukidwa tsiku ndi tsiku. Mafuta ndi dontho pakansalu, kupaka panjanji ya kareji ndi patimapazi ta singano basi. Mafuta ophikira ayi ndithu. Amauma n'kukhala ulimbo, ndipo amene anatilangiza zimenezo kale uja adzimve yekha.

Agogo, inu mumakwera kamtunda kaja ndi ndodo m'mawa uliwonse osadandaula. Ambuye akuwonjezereni masiku.

Pamene anatikhwimitsira kwambiri ndi pa kachidutswa koyesera. Palibe kuyamba juzi usanaluke masitichi 60 ndi mizere 60, kuchotsa pa makina, kukoka m'litali, n'kukasiya kagone usiku wonse. Chongochoka pa makina chimakhala chotambasuka m'mbali, ukayeza pomwepo juzi idzatuluka yothina. Ndi ulusi wathu wa 4 ply, nambala ya pakareji ili pa 7, tinapeza masitichi 28 ndi mizere 40 pa masentimita 10. Ndiye mwana wa chifuwa cha masentimita 70, onjezani 6 opumira, mugawe pawiri, ndi 38. Kutsogolo kukhala masitichi 106, kumbuyo chimodzimodzi, ndipo masentimita 25 ofika kukhwapa ndi mizere 100. Mukasintha ulusi, ngakhale mtundu uli womwewo, yesaninso. Mpendero wa m'munsi ndi wa m'mikono tsitsani nambala ndi ziwiri kapena zitatu kuti ugwire thupi.

Juzi yoyamba inakana kulowa m'mutu mwa mwana, khosi litatsekedwa mothina. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati mzere womaliza wa khosi uzilukidwa pa 10 usanatsekedwe. Kuchokera apo palibe mwana walira makutu.

Zolemetsa zathu zinapita ndi madzi. Popanda izo nsalu siitsika, masitichi a m'mphepete amadumpha. M'malo mwake anatipangira timabotolo ta pulasitiki todzaza mchenga theka, tokoledwa ndi waya wopindidwa, ndipo timazikweza m'mphepete pakatha mizere 20 iliyonse. Ulusi wouma wochita kulira pokoka amaudutsitsa pa kandulo poukulunga. Mfundo isagwere pakati pa mzere, muziiona ikubwera n'kudula kuti ithere m'mbali momwe mudzasoke.

Ulusi unatithera pa juzi ya 90. Pokagula wina ku Limbe, Agogo anaumirira kuti tinyamule kapepala ka pa ulusi wakale, chifukwa kupatula nambala ya mtundu pali inanso ya ulendo umene ananyika. M'sitolo yonse imaoneka yofiirira mofanana, koma padzuwa la pa asembule mkono ndi thupi zimasiyana. Nambala yathu sinapezeke, ndiye lamulo linali lakuti juzi imodzi, ulusi wa ulendo umodzi, osasakaniza. Juzi ya mwana wa Sitandade 3 imadya magalamu 250 kapena kuposerapo pang'ono, muziwerengera ndi otsala. Ndipo ulusi wa acrylic simbi isaukhudze. Ukapsa umanyezimira, umafooka, sutambasukanso. Nthunzi yokha, simbi ili m'mwamba.

Zikomo amayi a nyumba imene tikuchita lendi potilola kuimika makina pakhonde mpaka usiku. Zikomo amayi a Mvano amene munabwera Lachinayi lililonse kudzasoka mikono ndi m'mbali, munasoka ndi manja majuzi oposa theka. Achimwene a kabaza amene mumakana ndalama ya ulendo wobwerera, aphunzitsi aakulu amene munatiwonjezera masabata awiri osakweza mawu, atsikana athu amene munkaunikira ndi tochi ya foni, Mulungu akuoneni.

Aja munabwera kumsasa kudzatijambula titanyamula makina amatope, n'kulonjeza atsopano "sabata ya mawa", zithunzi zanu tinaziona pa Facebook, zinatuluka bwino. Nambala zathu sizinasinthe.

Agogo akana ndalama katatu. Tinayesa kuika mu envulopu pansi pa shuga, anabweza ndi mdzukulu wawo, shugayo atasunga. Chimene apempha ndi ulusi wotsala wa tizipewa ta ana obadwa masiku asanakwane, timene amakasiya ku Gogo Chatinkha ku Queens, poti khanda lotere limataya kutentha msanga kumutu. Ndiye amene muli ndi majuzi akale a pakaunjika, tipatseni timasule. Yang'anani msoko wa m'kati: ngati anachita kudula nsalu n'kusoka ndi ovaloko, isiyeni, ingotuluka tizidutswa ta mzere umodziumodzi. Yolumikizidwa ndi msoko wonga tcheni ndiyo imamasuka yonse kuchokera kukhosi kutsika. Ulusi wake umakhala wopotana, timaukulunga pamsana pa mpando, kumanga malo anayi, kuviika m'madzi ofunda a sopo, n'kuyanika pamthunzi kabotolo ka mchenga kakulendewera pansi. Waubweya wothothoka kapena woyabwa m'khosi sitilandira, sungayenere khanda.

Makina achiwiri akudikirabe singano 63, za mpata wa mamilimita 4.5, za makina a Brother. Amene muli ndi makina akufa kuseri kwa kabati, tiuzeni tidzazule. Loweruka 2 koloko tili pakhonde pa Agogo, mubwere ndi mkeka wanu.